Miso Yako Ikununkhabe, Tisa

Tisa mng'ono wanga, papita chaka kuchokera pamene tinakuika m'manda. Lero ndatsegula kabotolo ka miso, phala la soya limene unabwera nalo kuno ku Mpanshya kuchokera kwa abwana ako a ku Japan. Ndinaopa kuti yaola, koma ndi kale inkanunkha chonchi, ngati gaga wovunda.

Tsiku lija unapala jinja, kusakaniza ndi miso, viniga ndi mafuta, n'kuthira pa kabichi wosaphika. Ndinati, "Ndine mbuzi ine?" Unaseka, "Ba sisi, lawani chabe." Ndinakalavulira kuseri kwa nkhokwe. Lero ndapanga ndekha mosamala, monga unandionetsera. Mseru ukadalipo mpaka pano. Koma alamu ako atafuna kutayira nkhumba, ndawalanda mbale, ndadya zonse.