Beseni la Mashimelo ku Woodlands

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwina khumi ndi zitatu, pakuti amai sankasunga mapepala, pamene ndinapanga mashimelo koyamba. Amene simuwadziwa, ndi maswiti aja ofewa ngati thonje, oti ukawadina ndi chala amatukukanso okha. Tinkakhala ku Kabwata m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ndipo uvuni tinalibe. Tinali ndi mbaula imodzi yobooka m'mbali. Atate ankanyamula makalata m'maofesi a ku Longacres, amai ankachapa zovala za anthu, ine Enelesi, woyamba kubadwa, ndinkalera ang'ono anga. Sukulu ndinkangoionera pampanda. Ngakhale izi mukuwerengazi ndikuyankhula ndine, koma cholembera chili m'dzanja la mdzukulu wanga.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, nthawi ya mizere. Shuga akafika m'shopu ya boma, mbiri yake inkathamanga kuposa basi. Unkaima padzuwa kuyambira m'mawa, mwana kumsana, n'kulandira paketi imodzi, kapena kumva kuti wathera pa munthu wachitatu patsogolo pako. Fulawa wa makeke ndiye anali wa anthu odziwa khomo la kuseri.

Amai anali ndi msuweni wawo ku Woodlands, anti Bitilisi. Anakulira mudzi umodzi ku Katete, kutunga pachitsime chimodzi, koma anti anakwatiwa ndi mkulu wina wa m'boma, n'kukhala m'nyumba ya kapinga ndi agalu awiri. Mwana wawo Junia ankakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, msinkhu umodzi ndi mng'ono wanga Tiwine, ndipo ankamukonzera phwando. Pachibale pathu panali mwambo: paphwando nyumba iliyonse inkabwera ndi mbale yake. Wobwera ndi mbale anali mlendo, ndipo ana ake ankakhala pagulu. Wobwera chimanjamanja anali wodzathandiza, ndipo ana ake ankadya zotsala kukhitchini.

Lamlungu lina anti anaimitsa galimoto pakhomo pathu osazimitsa injini, n'kuyankhulira pawindo.

"Amake Enelesi, musavutike na mbale. Makeke tili nayo. Mungobwela na atsikana Loweluka. Enelesi azatithandizako kutsuka, Tiwine azankhala naye kukhitchini."

Amai anati zikomo. Galimoto itapita, Tiwine, amene sabata yonse ankayeserera kuvina ndi diresi lake la kutchalitchi, anandikoka chitenje.

"Sisi, kukhitchini kumankhala mabaluni?"

Ndinatuluka n'kupita kwa ba Mwape.

Ba Mwape anali nkhalamba ya ku Luapula yokhala nyumba yachitatu kuchokera pathu. Anaphikira azungu ku Kabulonga zaka zambiri, mpaka manja anayamba kunjenjemera, mbale n'kuyamba kuwapulumuka. Ndinawapeza akuwothera dzuwa, ndinagwada, n'kuwafunsa ngati keke ingapse pambaula.

"Shani, iwe mwana, keke?" anadabwa m'chiyankhulo cha kwawo, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Keke ifuna fulawa, mazila, uvuni, na mulamu mu chipani. Iwe uli na chani pa izi? Nionetse mkono."

Ndinawaonetsa mkono wanga wosinja ndi kutunga. Anaufinya ngati akugula nkhuku, n'kunena kuti umenewo ndiwo uvuni wanga. Kenaka anandiphunzitsa. Mapaketi awiri a jele wofiira, makapu awiri a shuga, madzi owira osadzaza kapu. Usungunule zonse mpaka pasamveke kamchenga pansi pa supuni. Usinje maswiti a timbewu, aja a mizere yofiira, uthiremo kuti fungo likwere m'mphuno. Zikayamba kuzizira, umange mafoloko awiri ndi ulusi, umenye osapuma mpaka zichite thovu, ziyere, zikwere katatu msinkhu wake. Ndinafunsa kuti ndimenye mpaka liti, popeza wotchi inali imodzi, ya padzanja la atate.

"Ku chalichi kwanu kuli nyimbo zija zitalizitali zogonetsa anthu. Sankha imozi, uimbe kasanu. Osadumpha vesi, Mulungu aona na jele aona."

Pomaliza anati azungu ankawaza shuga wosalala ngati phulusa kuti maswitiwo asamatirirane, koma ameneyo ndisamulote n'komwe. Anandipatsa ufa wa chinangwa wa kwawo m'kachitini, kuti ndiukazinge pang'ono ndi kuusefa pansalu.

Jele ankapezeka m'mashopu a ku Kamwala, chifukwa sathetsa njala ndipo palibe ankamukanganirana. Amai anabwera ndi mapaketi anayi ndi maswiti aja osandifunsa zambiri. Lachinayi ndinayesa. Koma ine mwana wanzeru zambiri ndinaona kuti beseni silidzaza, ndiye ndinathyola papaya kuseri kwa nyumba, ndinamuphwanya n'kuthiramo. Ndinaimba kasanu, ndinaimba kasanu ndi kawiri, mawu mpaka kusasa. Zinakhala phala lofiira la madzimadzi. Kutacha zinali chimodzimodzi, ndipo nyerere zinali zitaitana abale awo.

Ba Mwape ananunkhiza beseni.

"Papaya afewetsa nyama ya ng'ombe yokalamba. Manje iwe unafuna jele alimbe? Nikakuuza njila, yenda mu njila. Uzapatuka ukakula."

Theka la shuga wathu linali litapita kwa nyerere. Wotsalayo anali wa tiyi wa atate mpaka shopu idzalandirenso, ndipo tsiku lake palibe ankalidziwa. Amai anatsitsa chitini cha shuga pashelefu n'kuchigwira pachifuwa, osachiika pansi, osachibweza. Atate anali pakhomo akupukuta nsapato. Osatembenuka anati, "Mupatseni mwana. Ine tiyi nimwa ku ofesi." Tonse tinkadziwa kuti ku ofesi atate ankanyamula tiyi wa ena, sankamwa. Amai anaika chitini patsogolo panga n'kutuluka kukayanika zovala.

Lachisanu masana ndinamenya ngati ndikumenya mdani. Nyimbo yachitatu phewa linayaka moto. Yachinayi ndinasintha dzanja, thovu linayamba kugwira mafoloko n'kutuwa, kuchoka kufiira kwa magazi kufika pa kufiirira kwa lilime la mphaka. Nyumba yonse inanunkhira timbewu. Tiwine ankandigwirira beseni ndi manja awiri, akuimba nane mavesi amene sankawadziwa. Pa nyimbo yachisanu ndinakweza mafoloko, thovu linaima chilili osagwa. Unali mwezi wa Juni, wozizira, ndipo ndinaika beseni pamwamba pa mtsuko wa madzi, n'kuzunguliza chisaka chonyowa. Loweruka m'mawa ndinadula ndi mpeni woviika mu ufa uja, timabokosi tofewa, tonjenjemera. Ndinapereka kamodzi kwa ba Mwape. Anatafuna ndi nkhama zawo maso ali chotseka, n'kungoti, "Yenda."

Tinayenda wapansi mpaka ku Woodlands, amai patsogolo, Tiwine pakati ndi nsapato m'manja kuti zisade, ine beseni pamutu. Linali beseni lathu lachitsulo loyera, losupuka m'milomo, mawanga akuda ngati nkhanga. Ndinalivundikira ndi nsalu ya patebulo. Tinalowera kuseri, ndipo anti anatichingamira kukhitchini. Anakweza nsonga ya nsalu ndi zala ziwiri.

"Ichi choyela n'chani?"

"Ufa wa chinangwa, anti."

"Chinangwa. Pano pabwela ana a akuluakulu a boma. Mufuna atsegule m'mimba pa kapinga wanga?"

Anatenga beseni n'kulikankhira pansi pa sinki, pafupi ndi ndowa yokolopera. Amai anawatumiza kumpopi wa panja ndi miphika, Tiwine anamukhazika pakampando pafupi ndi chitseko, ine anandipatsa sopo.

Ndinatsuka mbale beseni likundikhudza mwendo. Panja ana anayamba kuimba ndi kuthamanga mozungulira mipando. Ndinkayembekeza kuti Tiwine alira, ndipo akanalira mwina ndikanangomutonthoza, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma sanalire. Anakhala mwaulemu, nsapato zake zowala zikulendewera, akuwomba m'manja pang'onopang'ono motsatira nyimbo ya panja, mosamala kuti asasokoneze munthu. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi anali atayamba kale kuphunzira malo ake. Chimenecho ndicho chinandikwera kumutu.

Ndinapukuta manja pachitenje. Ndinatulutsa beseni, ndinalisenza, ndinagwira Tiwine padzanja. Sindinazungulire kuseri. Ndinadutsa pabalaza, mapazi anga opanda nsapato akumira mu kapeti, pakati pa azibambo a matayi akumwa mowa, n'kutulukira khomo la kutsogolo. Patebulo la ana panalibe malo, keke yaikulu inali pakati. Ndinasuntha mbale ya masangweji, ndinaika beseni lathu ndi mawanga ake, n'kuchotsa nsalu.

"Iyi ni mbale ya nyumba yathu," ndinatero. "Ogawa ni Tiwine."

Ana safunsa kuti chinthu chachokera ku nyumba iti. Junia mwini phwando ndiye anayamba, anadina ndi chala, anaseka, anaponya m'kamwa, milomo n'kuyera ndi ufa. Posakhalitsa Tiwine anali pakati pa manja khumi ndi awiri, akulamula ngati wogulitsa m'shopu ya boma: "Pa laini! Imozi imozi!" Azimayi anaseka. Mmodzi wa wigi yaikulu anatolako kamodzi, anatafuna, n'kufunsa anti, amene anali atafika akupuma mofulumira, kuti kamtsikana kaluso aka n'ka ndani.

"Ni ka mwana ka mai otithandiza nchito," anatero anti akumwetulira.

Ndikanatha kukhala chete. Beseni linali patebulo, Tiwine anali pagulu, zimene ndinkafuna zinali zitachitika. Koma amai anali kumpopi akukwecha miphika ya munthu amene anagona naye mphasa imodzi.

"Ndine mwana wa asuweni awo," ndinatero. "Kwathu ni ku Katete, kwao komweko."

Azimayi analeka kuseka. Anti anandigwira paphewa mwachikondi pamaso pa alendo, n'kundiperekeza kukhitchini. Chitseko chitatsekeka anandipotokola khutu mpaka ndinaona nyenyezi masana. Sindinalire, ndinaluma mlomo. Kenaka ndinamva dzanja lonyowa, lozizira, likuchotsa zala zawo chimodzichimodzi.

"Bitilisi," anatero amai mosakweza mawu, ndipo kanali koyamba kuwamva akuwatchula dzina lokhalokha, "khutu ili nabala ndine."

Anti anati tinyamuke tizipita. Amai anati tipita mwana akatha kusewera. Anakhala pakampando paja, manja pamiyendo, osakhudzanso mphika ngakhale umodzi, mpaka Tiwine anathamanga mozungulira mipando, anagwa, anadetsa diresi, anadya keke, n'kubwera ndi baluni yachikasu. Pamenepo m'pamene tinatuluka, beseni lili lopanda kanthu.

Panjira amai anandidzudzula kuchokera pa geti mpaka pafupi ndi kwathu. Anati mwana wamkazi sayankha akulu pamaso pa alendo, anati ndawachititsa manyazi, anati pakamwa panga padzandigonetsa ndi njala. Ine khutu likutentha ndinkangoti inde amai. Koma beseni ananditsitsa pamutu n'kunyamula okha, ndipo titakumana ndi amai ena a ku tchalitchi anawaimitsa pakati pa msewu kuti anunkhize m'kati mwake.

Mtengo wake tinaulipira. Ku Woodlands sanatiitanenso. Zovala zakale za Junia zimene zinkabwera kwa ang'ono anga zinaleka kubwera. Amai ndi anti sanayankhulane zaka zambiri, mpaka maliro ena anawakhazika pamphasa imodzi, ndipo ngakhale pamenepo anangopatsana moni wa alendo. Ndikudziwa kuti amai ankamusowa msuweni wawo, ndipo chimenecho chimandipwetekabe.

Lero ndine gogo, ndipo mashimelo ndapangira maphwando a ana ambiri, a ku Kabwata, a ku Chelstone, ngakhale a ku Kabulonga komweko. Ndamvetsa tsopano kuti anti sankaopa chinangwa. Ankaopa kuti alendo awo angamve fungo la kumene anachokera, ndipo munthu wamantha otere ndi womvetsa chisoni kuposa wopanda uvuni. Ndamvetsanso kuti mwana saphunzira kudzichepetsa kolakwika ndi mkwapulo ayi. Amaphunzira mwakachetechete, atakhala pakampando, akulu onse akuona kuti ndi mwana wabwino. Ukachedwa tsiku limodzi, wazolowera.

Adzukulu anga akandifunsa ngati ndinalakwa, ndimawauza zoona. Kuyankha akulu pamaso pa alendo n'kulakwa, amai ananena zoona, ndipo inu musachite. Koma mutandibweza lero pa sinki ija, ndi mawondo anga owawawa, ndingawerame, ndingatulutse beseni, ndingadutsenso pabalaza pomwe paja.