Tsiku limene bambo anadzaza mtsinje

Kamtsinje kathu ka ku Biriwiri, ikafika Okutobala, kamasanduka kanjira ka mbuzi. Timadzi totsalato aliyense amatchinga kumtunda ndi matumba a mchenga kuti athirire kabichi ndi mbatata ya kachewere. Madzi akumwa amayi ankakatunga kuseri kwa phiri, mawondo akulira njira yonse.

Chaka china tinamva kuti kukubwera anthu a ku Lilongwe oyeza madzi. Ankayendera timitsinje tonse tothira mu Shire kuti aone kumene madzi akuperewera, ndipo mudzi umene aupeze wouma akaulembera mjigo. Amayi anasangalala mpaka anasankhiratu malo ake, pafupi ndi mtengo wa mango.

Koma bambo anga anali munthu wa ku Joni. Anakumba migodi zaka zambiri, n'kubwerako ndi jekete, chipewa ndi lamulo limodzi: mlendo asaone umphawi wako. Ankati mlendo ndi mame, ndiye akabwera nkhuku yomaliza inkafa, ife n'kumadyera nkhwani kuseri. Atamva kuti anthu a ku Lilongwe adzaona mtsinje wouma, anati manyazi amenewo sangawasenze. M'mamawa wa tsikulo anatengana ndi anzawo atatu a kumigodi, n'kugumula timadamu tonse ta m'madimba. Sanauze munthu.

Alendowo anafika dzuwa litakwera, ali ndi kabuku ndi ndodo yolembedwa manambala. Anapeza madzi akuthamanga, ofiira ngati thobwa, atanyamula masamba a kabichi. Mmodzi anavula nsapato n'kulowamo, madzi mpaka m'mawondo. Anadabwa, n'kufunsa ngati mtsinjewu umakhala chonchi chaka chonse. Amayi anati atsegule pakamwa, koma bambo anali atavula kale chipewa.

"Chaka chonse, bwana. Kuno ludzu timangolimva kwa anzathu."

Amayi sakanatsutsa amuna awo pamaso pa alendo. Anangoyang'ana pansi. Ine ndinaima pambuyo pawo, ndipo kunena zoona ndinawakwiyira bambo kuposa tsiku lina lililonse. Alendo analemba, anadya nkhuku, anathokoza, n'kumapita. Galimoto yawo isanafike pamsewu wa tala, mtsinje unali utayamba kale kuonetsa miyala.

Mjigo unapita kumudzi wina cha ku Kandeu, kumene anthu sachita manyazi ndi fumbi lawo. Kabichi wa mudzi wonse anafota, ndipo kwa mwezi wathunthu bambo ankapita kutchalitchi mozembera, kudzera m'minda.

Nkhaniyi timaiseka mpaka lero pamaliro ndi paukwati. Chimene sindiseka ndi m'mawa wotsatira tsiku la alendo lija. Amayi anatulutsa ndowa ziwiri, imodzi n'kuika pamutu, inayo pamapazi a bambo.

"Tiyeni, bambo ake. Mukandionetse kumene kuli madzi a chaka chonse aja."

Bambo, Mngoni amene sanagwirepo ndowa chibadwire, anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaitola n'kuwatsatira, azimayi a m'mudzi akubisa nkhope m'zitenje. Anaisenza mpaka chaka chimene anamwalira, ndipo mjigo sanauone.