Nsanja Yogona Masana

Ntchito ya pa nsanja ya mafoni ku Mkanda anandipezera ndi akatekisiti, chaka chimene mayi a kunyumba anamwalira. Anati ndisamangokhala ndekha m'nyumba. Ndinkathira dizilo mu jenereta, kuyang'ana oilo ndi madzi a mabatire, ndi kulambula udzu m'mbali mwa mpanda wa waya. Kuchoka pamalopo kunali koletsedwa, ngakhale Lamulungu. Misa ndinkaimvera pa wailesi.

Dizilo atayamba kuvuta, kunabwera injiniya wa ku Lilongwe, a Phiri. Anamanga kabokosi m'kabati ya makina, n'kukhoma.

"Madala, nsanjazi tsopano zizisewera bawo," anatero. "Iliyonse iziwerengera chimene inzake ichite. Yanuyi ikaona kuti ya ku Ludzi ingathe kunyamula anthu a kuno, izigona, mafuta apulumuke."

Kiyi anapita nayo. Masana a dzinja, anthu ali m'minda, nsanja inkagonadi, jenereta n'kutsika mawu.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo kunafika tenanti wa pa esiteti ya kudambo, munthu wa ku Mulanje, phula la fodya lili m'manja. Mkazi wake anali atachira, koma magazi sankaleka. Ankafuna kuitana galimoto. Foni yake inali itagwira netiweki ya ku Zambia, ndipo inkakana kuimba.

"Nsanja yagona," ndinamuuza.

"Ndiye idzutseni, achimwene! Kapena mwagona ndinu? Mumadyera chiyani pano?"

Anagwedeza waya wa mpanda mpaka anadzicheka. Ine ndinali m'kati, kabati ili pafupi moti n'kuikhudza, koma ngakhale ndikanathyola loko sindikanadziwa waya woti ndigwire. Ndinazimitsa jenereta n'kuilizanso. Palibe chinasintha. Ndinamutulutsira njinga yanga kuti apalase cha ku Ludzi mpaka foni itagwira, ine n'kutsala ndi kolona m'manja.

Mayiyo anafika kuchipatala ali moyo. Anatulukako patapita nthawi, wofooka moti sanasokenso fodya chaka chimenecho.

A Phiri sindiwaweruza. Nsanja ya ku Ludzi inali maso monga ananenera, kungoti kudamboko ya ku Zambia inkaiposa mphamvu, ndipo masamu awo anathera pamalire. Atamva anabwera kudzakonza, nkhope ili pansi.

Ndinakhala zaka zambiri m'mpanda umenewo. Aliyense wobwera kudzasintha makina ndinkamufunsa funso limodzi asananyamuke: "Bwana, kudambo kuja mwafikako ndi foni yanu?" Ena ankapitako.