Bakuli la Alamu

Amuna anga atayamba kutupa mapazi ndi kumaso, tinapita nawo kuchipatala cha ku boma, ndipo anawapeza ndi matenda a impso. Namwino anaitana ine, popeza ndine wophika. Anati mchere ndisiye, soda wa m'therere ndisiye, nsomba zouma zamchere ndisiye. Nthochi, tomato ndi nyemba, pang'ono zedi. Mbatatesi ndizisenda, kuziduladula, kuziviika m'madzi nthawi yaitali, kenako kuziwiritsa ndi kutaya msuzi wake.

Ndinamvetsera ngati ndili pa ulaliki. Kuno ku Bembeke takula ndi mbatatesi, ndipo kutaya msuzi wake kunkandiwawa m'manja, koma ndinkataya.

Achemwali awo aakulu, amasiye a kutsidya kwa dambo, anabwera kudzazonda matenda. Ndinawapatsa chakudya chomwecho chimene tinkadya. Analawa kabichi, nayang'ana mapazi a mlongo wawo, kenako nayang'ana ine.

"Alamu, mchere watha m'nyumba muno?"

"Ulipo, koma achipatala aletsa."

"Oo. Aletsa ndi achipatala eti?"

Ndinamva pamene mawuwo ankaloza. Akuluakulu kwathu amati mkazi akayenda njira zosayenera n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amatupa. Amautcha mdulo. Tsono mkazi amene mwamuna wake watupa, iye n'kuleka mwadzidzidzi kugwira mchere, mudzi umaona ngati waulula yekha. Ine amene ndimayambitsa mapemphero ku mphakati, tsitsi litayamba kale imvi!

Kuyambira mawa lake, dzuwa likafika pamutu, alamu ankatulukira ndi bakuli lobiriwira lomanga pa nsalu. Mkati munkakhala mbatatesi zokazinga ndi tomato, tsiku lina nyemba, tsiku lina usipa. Ankati dzanja lawo ndi lozizira, mchere wawo sungapweteke munthu.

Miseche ya pachitsime sinandisowetse mtendere kwenikweni. Amene amaona zobisika amandidziwa. Chimene chinkandidya ndi mmene amuna anga ankadyera za m'bakulimo. Ankakhala pakhonde atatambasula miyendo yotupayo, kutafuna maso ali chitsinzire, kunyambita zala ngati mwana. Ankaseka. Ankakumbutsana ndi mlongo wawo za makolo awo, za ng'ombe ina yopulupudza imene ankaweta kale, nkhani zimene ine mulibemo. Mbale yanga inkabwerera kukhitchini atangoikanda pambali.

Zaka zonse za ukwati wathu munthu ameneyu sanadyepo kwina ine ndili moyo. Ndimadziwa kuti sakonda anyezi wopserera, ndimadziwa kuti amafuna tiyi wozizirako. Lero ine ndinasanduka wa mankhwala, mlongo wawo wa chakudya.

Ndinkaima kuseri kwa nkhokwe kolona ili m'manja, pemphero osatuluka. Ndinkakumbukira mwana wamkulu uja wa m'Malembo, amene pobwera kumunda anamva nyimbo ndi fungo la nyama, nakana kulowa m'nyumba. Kale ndinkamuweruza. Tsopano ndinamvetsa kuzizira kwa pabwalo pamene anaima.

Tsiku lina alamu atapita ndinafunsa.

"Bambo, kodi nanunso mukuganiza kuti ndinakudulani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi, inu? Ndi ndani? Ndi akatekisiti opanda mano aja?"

"Nanga bwanji osawauza achemwali anu?"

Anapukuta zala. "Ndikawauza asiya kubweretsa."

Akananditukwana kukanakhala bwino. Dzina langa linkagubuduzika m'fumbi la pachitsime chifukwa cha supuni ya mchere, ndipo iwo ankadziwa. Koma ndinawayang'ana, bambo wamphamvu amene ankakwera phiri ndi thumba la mbatatesi panjinga, tsopano akupuma movutikira atangokhala, ndipo ndinasowa pogwira mkwiyo wanga. Ndinangoti, "Mcherewo ukukuphani." Anati, "Pang'ono pokha, mayi."

Lamulungu lina m'nyengo yozizira, nkhungu ili mbuu, tinkakonzekera Misa. Nsapato zawo zinakana kulowa. Anayesa zachikale zotambasuka zija, nazonso zinakana. Ndinagwada n'kudina chala pa mwendo wawo monga anandionetsera namwino, ndipo chibowo chinatsala osabwerera. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Chikhalire sanajombepo ku tchalitchi. Tsiku limenelo belu analimvera pa mpando.

Masana alamu anafika ndi bakuli lawo. Ine ndinali pakhomo la khitchini.

"Achemwali, khalani pansi," anatero amuna anga. "Mkazi wangayu sanandidule. Chikundidula ndi ichi mwanyamulachi, ndipo ndimachita kuchifuna ndine."

"Achimwene, inu mwadyetsedwa. Chakudya chopanda mchere n'cha munthu chimenecho?"

"N'cha munthu wofuna kuvala nsapato. Mukafuna kundithandiza, muzibweretsa zosaphika."

Alamu anaika bakulilo pansi mwamphamvu mpaka chivundikiro chinalira. "Mudzandifuna," anatero, nanyamuka osatsanzika. Nyemba zimene zinali m'bakulimo ndinapatsa ana a oyandikana nawo.

Titabwerera kuchipatala anawasinthira mankhwala, ndipo pang'ono ndi pang'ono mapazi anaphwa. Impso sizinachire, koma ku Misa amapita okha ndi ndodo. Ndaphunzira kukometsa ndiwo ndi adyo, anyezi ndi madzi a ndimu. Amadya zonse, n'kunena kuti, "Zikomo mayi, Mulungu akudalitseni." Alamu anayambanso kubwera, ndi kabichi wa kudimba kwawo kapena mazira, ndipo timalonjerana bwino. Za mdulo sanazitchulenso, kupepesanso sanapepese.

Ndiye kuti ndinapambana. Koma ndikamva "zikomo" ameneyu mtima umandiluma, chifukwa mlongo wawo sankamuthokoza. Ankangodya. Sindinawaonepo akutsinzina pa mbale yanga. Fungo la tomato wokazinga likadutsa kuchokera kwa anzathu, amatembenukira kutsidya kwa dambo, ndipo ine ndimaona. Ndimapempha Ambuye andichotsere chimenechi, koma mpaka lero sanandichotsere.

Bakuli lija alamu sanalitenge, inenso sindinalibweze. Ndi mmene ndimaviikamo mbatatesi m'mawa uliwonse. Madzi ake ndimakataya kuseri, kumene amuna anga saona.