Zenera la Bambo Hottenstein

Taganizirani m'mawa wa mu Januwale kuno ku Boyertown. Chipale chofewa chadzaza m'misewu, ana akudikira basi ya sukulu manja ali m'matumba, ndipo Darlene Fegley akutsikira m'chipinda cha pansi pa nthaka m'nyumba ya eni, kukatenga kachitini kake. Darlene ndinamuphunzitsa nditangoyamba kumene uphunzitsi. Anali mwana wokhala kutsogolo, wosachedwa kulira. Atakula anayamba ntchito yogulitsa nyumba za anthu.

Kachitiniko kamakhala ndi makala oyamwa radoni, mpweya wotuluka m'miyala yathu ino, wopanda fungo, wodya mapapo mwakachetechete. Amakasiya pansipo mazenera onse ali chitsekere kuti mpweyawo usatuluke n'kunamiza zotsatira, kenako n'kukatumiza kokayeza. Darlene sankagulitsa nyumba yosayezedwa. Iye anakulira m'chipinda chotero, ndipo ngakhale fodya sanamulawepo, madokotala anali atamuchotsa kale phapo limodzi.

Tsikulo anapeza chipale chitaunjikana m'kati, m'munsi mwa zenera.

"Bambo Hottenstein, munatsegula zenera," anatero kwa mwini nyumbayo.

"Ndi mphaka."

"Mphaka wanuyo amatha kumasula loko?"

"Iwe mwanawe, ndagona muno chikwatirire. Ndafa ine? Mumsewu uno aliyense amatsegula. Ukufuna anthu aziloza kuti nyumba yapoizoni ija ndi iyi?"

Ofuna kugula anali a Reppert, banja la ana atatu, ndipo chipinda chapansicho anali atachisankha kale kuti muzigona anawo. Darlene anati kuyeza kuyambirenso. Mkuluyo anazula chikwangwani cha Darlene pakhomo n'kuitana wogulitsa wina. Ameneyo anayeza osafunsa za mazenera, zotsatira zinatuluka zabwino.

Darlene anapitabe kwa Mayi Reppert kukawachenjeza, akupuma movutikira.

"Mayi, tatopa n'kusakasaka," anamuyankha motero. "Mumangoopa chifukwa mukudwala. Pepani."

A Reppert anasamukiramo chisanu chisanathe. Anyamata awiri aakulu ali m'kalasi mwanga. Ndi ana aulemu, ndipo amanyadira chipinda chawo chifukwa makolo samva phokoso lawo. Ndinayesa kulankhula ndi bambo awo za mpweya uja. Anandithokoza, n'kufunsa za masamu.

"Aphunzitsi, chosaoneka anthu sachiopa," anandiuza Darlene ndili pambali pa bedi lake kuchipatala. "Bola chikanamanunkha."

Anamwalira mitengo ikuphuka.

Anyamata aja akugonabe pansi. Chimene Darlene anakwanitsa n'chakuti kamlongo kawo kotsiriza, mayi ake amakagoneka m'chipinda cham'mwamba.