Masamba a m'miyala ya mlamu wanga

Chaka chimene amuna anga anamwalira kunagwa mvula yambiri, ndipo bwalo la nyumba yathu ku Libuyu linasanduka matope okhaokha. Ine sindinkasamala. Ndinali nditasiya kupita ku msika wa Maramba kumene ndinkagulitsa zovala zakaunjika, zimene kuno timati salaula, kwaya ya kutchalitchi ndinaisiyanso. Ana anga anali atabwerera ku ntchito zawo, wina ku Lusaka wina ku Kitwe, ndipo ndinkangoswera pakhonde kuyang'ana madzi akutsika pa malata.

Mlamu wanga, mng'ono wa malemuwo, amayendetsa lole yonyamula malasha okumba pansi kuchokera ku migodi ya kuchigwa. Tsiku lina anafika ndi mulu wa miyala yotuwa, yathyathyathya, imene kumgodi amaitaya chifukwa siyaka. Anaikhuthula pageti nandiuza kuti ndiyale pabwalo kuti ndizipeza poponda. Ndikukhulupirira kuti ankafunanso kundipatsa chochita, ngakhale sananene.

Muluwo unakhala pamenepo mpaka udzu unayamba kumera m'mbali. Nditatopa ndi kuulambalala, m'mawa wina ndinatenga nyundo ndi tchizulo cha amuna anga n'kuyamba kung'amba miyala yochindikala. Inkang'ambika mosavuta, ngati mbale zosanjikiza. Mwala wina utatseguka ndinaona tsamba m'kati mwake. Linali lalitali ngati dzanja langa, looneka ngati lilime, lakuda bii. Ndinalikanda ndi chala koma silinachoke. Linali mwala lomwe.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala mayi wina wachitonga wa ku Monze, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Matenda a shuga anali atawadetsa maso moti ankangoona zithunzithunzi. Tinakhala moyandikana zaka zambiri, koma kucheza kwathu kunkathera pa moni. Tsikulo anamva kuti nyundo yatonthola ndipo anandifunsa ngati ndadzipweteka. Ndinawayankha kuti ayi, koma ndapeza tsamba m'mwala.

"Bweretsani kuno, ba neba, niigwire," anatero.

Anauika mwalawo pamiyendo n'kuyamba kuyendetsa zala pang'onopang'ono. Mtsempha wapakati anaupeza okha. Timitsempha tating'ono zala zawo sizinkatimva, choncho anandipempha kuti ndiwafotokozere. Ndinati timitsemphato tikuchoka pakati kupita m'mbali, tikukumana ndi kulekana ngati ukonde wa udzudzu. Kenako anandiuza kuti tsamba limeneli analiphunzitsa ana zaka zonse za ntchito yawo, akulijambula pa bolodi kuchokera m'buku, koma anali asanaligwirepo.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndinkanyamula miyala ingapo m'beseni kupita nayo pakhonde pawo. Ine ndinkang'amba ndi kunena zimene ndikuona, iwo ankagwira ndi kundiuza tanthauzo lake. Anati kale kwambiri, munthu asanakhaleko, dziko lino linali lozizira. Madzi oundana atasungunuka kunatsala madambo aakulu, ndipo mitengo ya masamba amenewa inkamera m'mphepete mwake. Zogwera m'madzi zinkakwiririka ndi matope zisanawole. Pamene zinaunjikana kwambiri zinasanduka malasha amene mlamu wanga amanyamula, pamene matope anachuluka tsamba linangosiya chidindo chake.

Mwala wina tinaupeza utadzaza masamba opiringizana, ena pamwamba pa anzawo. Iwo anati zikuonetsa kuti mitengoyo inkayoyola masamba onse pamodzi nyengo yozizira ikafika. Wina unali ndi phesi la mfundo ngati bango. Anandiuzanso kuti tsamba lomweli limapezeka m'miyala ya ku India ndi ya ku dziko la madzi oundana la kumwera kwenikweni, chifukwa maiko onsewa anali amodzi asanang'ambike n'kutalikirana. Ndinawauza kuti agogo anga anachoka ku Malawi wapansi kudzagwira ntchito yocheka matabwa kuno, ndipo ndinkayesa kuti oyenda ndi anthu okha. Anaseka nati nthaka nayonso ndi yobwera.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkandivuta. Aphunzitsiwo anati m'nkhalango imeneyo munalibe duwa, munalibe udzu, munalibe ngakhale mbalame imodzi, pakuti zonsezi zinadza pambuyo. Ndinkati ndikaganiza za mitengo yambirimbiri itangoima m'madzi popanda cholira, ndinkakumbukira nyumba yanga mmene inalili kuyambira tsiku limene olira maliro anabalalika. Sindinawauze zimenezi, koma masiku ena ndinkang'amba miyala mtima uli wolemera.

Tsiku lina ndinatsegula mwala umene tsamba lake linali loperewera m'mphepete. Poyamba ndinayesa kuti ndaliswa ndi tchizulo. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti malo operewerawo ndi ozungulira bwino, otsatizana, ngati mmene mbozi zimadyera repu kumunda. Ndinagwira chala chawo n'kuchiyendetsa pamenepo.

"Apa chinadya ni kachirombo," anatero motsitsa mawu. "Nenze kuwerenga chabe m'mabuku. Mwanionetsa, ba neba."

Anandifotokozera kuti tizilombo tinaliko kale nthawi imeneyo, tokwawa ndi touluka, komanso nyama zina zoyenda m'matope zimene zinatha. Ine ndinangoti, "Ndiye kuti sikunali zii." Misozi inayamba kutsika osaiitana. Iwo anangosiya dzanja lawo pa langa mpaka ndinatonthola, kenako anandituma kuti nditereke madzi a tiyi m'khitchini mwawo.

Mlamu wanga atabweranso anapeza bwalo likadali matope, miyala yake ili ndandanda pakhonde la aphunzitsi aja. Anapukusa mutu n'kuseka, koma atagwira tsamba lodyedwa lija anakhala pansi nafunsa mafunso ambiri kuposa ine. Kuyambira apo akapita kumgodi amayang'ana pa mulu wa zotayidwa, ndipo amabwera ndi mwala umodzi kapena iwiri atakulunga m'thumba la simenti.

Aphunzitsiwo anaumirira kuti mwala wa kachirombowo suyenera kuthera pakhonde, tikausiye kwa anthu osunga zinthu zakale m'tauni. Ndinayesa kuzemba, koma anati okha sangawoloke msewu ndipo alibe wina wowagwira dzanja. Ndinasamba, ndinavala diresi, ndinamanga duku loyera m'malo mwa lakuda. Kumeneko anatilandira mtsikana wina waulemu amene anauyang'ana mwalawo ndi galasi lokulitsa zinthu, natsimikizira zonse zimene aphunzitsi ananena. Anafunsa kumene unachokera, ndipo anatithokoza tonse awiri.

Pobwerera iwo anati akufuna kapenta wa ku Maramba, wina aliyense ayi. Ndinadziwa chimene akuchita, koma sindinatsutse. Titangolowa mumsika anzanga a salaula anandiona. Anandizungulira, ena akundikumbatira, ena akundikalipira chifukwa chowabisalira. Mnzanga woyandikana naye anali atasunga malo anga miyezi yonseyo, akuyalapo zovala zake kuti wina asalande. Sabata yotsatira ndinayambiranso malonda.

Tinapitiriza kung'amba miyala Loweruka masana kwa zaka zingapo. Maso awo atatheratu, mwana wawo anabwera kudzawatenga kuti azikakhala naye ku Choma. M'nyumba mwawo munalowa banja la ku Chipata la ana ang'onoang'ono, anthu abwino ndithu, koma sindinazolowere msanga.

Ndimakwera basi kukawaona nyengo ya Khirisimasi. Aonda, ndipo amayenda ndi ndodo, koma mutu ukadali wakuthwa. Ndikafika amathamangitsa adzukulu pampando kuti ndikhalepo, n'kuyamba kundifunsa za anthu a mu mzere wathu mmodzimmodzi, amene wakwatiwa, amene wadwala, amene wasamuka. Ulendo wathawu ndinawauza kuti ndimathokoza Mulungu chifukwa cha iwo. Ndinayesa kunena m'Chitonga kuti ziwafike bwino. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandikonza mawu awiri amene ndinatchula molakwika.