Chishango cha abambo ndi anthu a ku Galiya

Lero pamsika wa Lizulu ndadutsa poyanika zikopa, ndipo fungo la chikopa chonyowa landibwezera pakhonde pathu ku Mlangeni, chaka chomwe sukulu za pulaimale zinakhala zaulere.

Dzulo la tsiku ndikukumbukalo tinali titaika abambo aakulu, amene ankatsogolera nyimbo za ngoma m'mudzi mwathu. Mvula inkawaza. Abambo ankapukuta chishango cha malemuwo pamene wansembe wokalamba wa ku Falansa anafika kudzapepesa maliro.

Ataona chishangocho anati, "Makolo athu a ku Galiya, komwe lero ndi ku Falansa, analinso ndi zishango. Mtundu wathu, Aeduwi, unapalana ubwenzi ndi Aroma, mpaka Aromawo ankatitcha abale. Ana anaphunzira Chilatini, n'kuyamba kuvala ngati iwo."

"Nanga chilankhulo chanu?" anafunsa abambo.

"Chinatha. Makolo anangosiya kuyankhula nacho kwa ana."

"Ndiye pamaliro mumaimba za ndani?"

"Za Aroma," anayankha wansembeyo, akuyang'ana pansi.

Mlendo atapita, abambo anandiimiritsa n'kundigwiritsa chishango chija. Chinali cholemera, ndipo ubweya wake wonyowa unkandiyabwa pamkono. Anayamba nyimbo ya Chingoni yomwe anaimba kumanda, nandiuza kuti ndizivomera. Ndinavomera kawiri, kenako ndinafunsa, "Ababa, mawu amenewa akutanthauza chiyani?"

Anayang'ana kumitengo ya kumanda.

"Ankadziwa ndi amene tawaika dzulo aja," anatero. "Iwe ingoimba."

Ndinaimba, madzi a padenga akundidonthera m'khosi.